Ng'ombe za a Shaba Sizinawerenge Kalata Yanga

Lachiwiri lapitali ndinachita manyazi pamsewu, masanasana anthu akuona, ndipo zondichititsa manyazizo zinali ng'ombe ziwiri.

Ndinali nditaweruka kusukulu, nditaima pakhonde la golosale ya a Saidi pa Champhira pano, ndikusankha sopo. Kumsewu kunkabwera ngolo yodzaza chimanga mpaka pamwamba, ng'ombe zikukoka mwaulesi ngati aganyu odyeratu. Itafika pamtsetse paja pamene mvula inakumba, ndinamva kamawu kakuthwa kakulamula m'Chitumbuka:

"Joni! Pa... pa... pachoko! Kukaya, luta!"

Ng'ombe yakumanzere inachepetsa mwendo, yakumanja inakoka, ngolo n'kudutsa bwinobwino osataya ndi chitsononkho chomwe.

Ndinati ndione mwini mawuwo. Pamwamba pa chimanga panali kamtsikana kovala juzi ya munthu wamkulu, kamtengo kali m'manja, ndipo m'mbali mwa ngolo munkayenda bambo wachikulire wa chipewa, manja ali kumbuyo, pakamwa pali chete. Sopo uja anandipulumuka. Kamtsikanako anali Tiwonge, mwana wa m'kalasi mwanga, sitandade 1. Chiyambireni chaka, mawu amene ndamumva akulankhula mwana ameneyu ndingawawerenge ndi zala za dzanja limodzi, chala chachikulu n'kutsala.

"Madamu, mwaona mzukwa kodi?" anatero a Saidi akutola sopo.

"Mwana uja amalankhula?"

"Uja? Tsiku lililonse amadutsa pano akukalipira ng'ombezo. Ife timamutcha kapitawo."

Kapitawo! Ine mphunzitsi wake m'rejisitala yamumtima ndinamulemba kuti wosalankhula.

Ndikuuzeni kaye chimene chinandiwawa, chifukwa sanali manyazi okha. Teremu ino itangoyamba, mayi ake a Tiwonge, NyaTembo, anabwera kusukulu n'kundiuza mosazungulira. Anati, "Madamu, ndapota, musandimve molakwa. Teremu iyi ndiyo yomaliza. Mwana akungopita kukasekedwa, akubwera maso ofiira. Ngati sayowoya, ngati salankhula, mbwenu akhale pakhomo." Pamene ndikulemba pano kwatsala masabata atatu kuti titsekere. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri anali pafupi kutsazika sukulu, ndipo ine ndinali nditayamba kale kuvomereza mumtima kuti mwina ndi bwino choncho.

Vuto la Tiwonge si lopeka ayi. Mawu amamubwerera mochedwa. Akafuna kunena chinthu, milomo imayamba, liwu n'kukakamira pakhosi, n'kutuluka mutu wake wokha, mchira n'kutsalira. Kuchipatala anakamuyeza makutu, akumva bwinobwino. Nzeru ndiye musanene: muuzeni agawe timitengo towerengera, agawa mosalakwitsa. Koma kuti pakamwa patuluke chiganizo chathunthu, pamafunika nthawi, ndipo m'kalasi la ana odzaza mpaka pakhomo nthawi ndi chinthu chimene timamana aliyense.

Tsono ine, wa ku Dowa, amene ndakhala ku Mzimba kuno zaka khumi ndi ziwiri koma Chitumbuka changa chimathera pa "monire", "yewo chomene" ndi kunenerera tomato, ndinaona ngati ndagwira mbava. Ndinati vuto ndi zilankhulo. Kunyumba Chitumbuka, m'buku Chichewa, pabolodi Chingerezi, kamutu kakang'ono kapirira bwanji? Teremu yoyamba ndinaitana NyaTembo n'kumulangiza ndi nkhope ya munthu wophunzira: kunyumba lekani kumulankhula Chitumbuka, mukumusokoneza. Chichewa chokhachokha mpaka lilime limasuke.

NyaTembo anayang'ana pansi. Anati iye ayesetsa, bambo a mwanayo ali ku Joni awauza pafoni, koma pali asekuru, agogo ake aamuna a Tiwonge, a Shaba, bambo wa chipewa wa pangolo uja, amene Chichewa chawo n'chofanana ndi Chitumbuka changa. Ndipo iye ndi mkamwana pamudzipo. Amene mwakhalako kuno mukudziwa, mkamwana sangaimirire pamaso pa apongozi ake aamuna n'kuwauza kalankhulidwe ka m'nyumba mwawo. Angayambire pati?

"Palibe vuto," ndinatero ine wanzeru. "Ndikulemberani kalata."

Ndinalembadi. Ndinasaina. Ndinakapempha ndi chidindo kuofesi kuti kalata ilemere. Koma abale, munthu ukafuna kulakwa umalakwa mwadongosolo!

Miyezi isanu ndi iwiri yadutsa chilembereni kalatayo. Lilime silinamasuke. Mwana amene poyamba ankandiyankha ndi mutu anayamba kungoyang'ana pawindo. Ine n'kumati mumtima, kunyumbako sakutsatira malangizo anga.

Tsono musandiseke ndekha. Ndi angati mwa ife amene tinanenapo mawu omwewa? Aphunzitsi, azakhali obwera kuchokera ku Lilongwe pa Khirisimasi, anzathu a kukwaya, tonse timasanduka madokotala mwana akachedwa kulankhula. "Mukumusokoneza, sankhani chimodzi." Ndipo mwaona kuti chimene timati chichoke nthawi zonse ndi cha kunyumba? Sindinamvepo munthu akuti lekani Chingerezi, mwana akusokonezeka. Mwana wa m'tauni akasakaniza Chingerezi ndi Chichewa timaomba m'manja, ati ndi wochenjera, adzakhala loya. Wa ku Engutwini akasakaniza Chitumbuka ndi Chichewa, ati wabalalika mutu. Chilungamo chake chili pati pamenepa?

A Saidi omwewo, nditawafotokozera nkhaniyi pakhondepo, anaseka mpaka kugwira kauntala. Anati, "Madamu, kunyumba kwanga Chiyawo, pashopu pano Chitumbuka ndi Chichewa, kumadrasa ana amawerenga Chiarabu. Wosokonezeka m'nyumba mwanga ndine ndekha, ndipo akundisokoneza ndi mitengo ya shuga."

Madzulo a tsiku lomwelo ndinachita chimene ndikanachita kalekale. Ndinaimbira foni Mayi Gondwe, mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera amene amatiyendera panjinga yamoto kuchokera kuboma. Chifukwa chiyani sindinawafunse teremu yoyamba? Ndinkadziona ngati ndikudziwa, basi, palibe chifukwa china. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anapuma mpweya wautali umene ndinaumva ngakhale netiweki inali yoduladula.

Anati, "Madamu, mwana wa vuto ngati limeneli amakhala nalo m'zilankhulo zake zonse. Silinabwere ndi Chitumbuka, silichoka ndi Chichewa. Inu simunamuchotsere vuto, munamuchotsera anthu olankhula naye. Pitani mukaone chimene agogowo akuchita pangolopo, mukaphunzire."

Mphunzitsi wa zaka khumi ndi ziwiri, kukaphunzira pangolo. Chabwino.

Lachitatu nditaweruka ndinakwera kabaza mpaka kumudzi kwa a Shaba, mphepo ya ku Viphya ikundimenya m'makutu. Ndinawapeza akukonza goli pansi pa mtengo wa mango. Ndinagwada, ndinapereka "monire" wanga yense amene ndili naye, NyaTembo anakhala chapatali pamphasa kuti azitimasulira, Tiwonge anabisala kuseri kwa nkhokwe diso limodzi lili kuno.

Ndisanafike n'komwe pamutu wa nkhani, mkuluyo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapepala ka pulasitiki ka shuga. M'katimo munali kalata yanga, yopindidwa bwino, pamodzi ndi makadi a katemera wa ng'ombe. Anaiika pamphasa ngati umboni kukhoti. Iwo ankaganiza kuti ndabwera kudzawazenga mlandu.

"Mu nyumba nkhuyowoya nayo yayi," anatero, dzanja lili pamtima. NyaTembo anamasulira: akuti m'nyumba salankhula naye, lamulo lanu asunga. Akafuna madzi amaloza chikho. Akafuna kumuitana amaomba m'manja.

Miyezi isanu ndi iwiri, gogo kuitana mdzukulu wake ndi m'manja ngati akuingitsa nkhuku, chifukwa cha chidindo changa. Ndinamva kutentha m'maso, sindikubisirani.

"Nanga pangolo?" ndinafunsa.

Mkuluyo anakanda pansi pa chipewa. "Kweni ng'ombe zikupulika Chichewa yayi."

Apa sindinafune womasulira. Ng'ombe sizimva Chichewa! Anafotokoza kuti anayesadi tsiku limodzi, mwaulemu wa kalata, kuzilamula m'Chichewa chawo chochepacho, Joni ndi Kukaya n'kungowayang'ana, kenako n'kulowa m'munda wa eni ake. Ndiye anaganiza kuti kalata ikunena za m'nyumba, za kukhola sinatchule. NyaTembo anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Inenso ndinalephera kudzigwira. Tinaseka tonse, ngakhale kuseri kwa nkhokwe kunamveka kakuseka.

Kenako ndinafunsa funso limene ndinabwerera. Mwanayu pangolo amalankhula, m'kalasi mwanga ayi. Amachita chiyani iwo?

A Shaba anadabwa ndi funsolo. "Nkhulindilira waka," anatero. Ndimangodikira.

Ndipo anafotokoza, NyaTembo akumasulira. Pangolo pamalankhula munthu mmodzi. Awiri akakuwa nthawi imodzi, ng'ombe imodzi imamvera uyu, inzake uyo, goli n'kupotoka, ngolo n'kugwera m'ngalande. Ndiye mwana akayamba kulamula, ngakhale liwu likakamire pakhosi, iwo sangalowererepo. Amatseka pakamwa mpaka amalize. Ng'ombe nazo zimadikira, sizithamangira kulikonse, ndipo sizinasekepo munthu. Mawu ake ndi omwewomwewo tsiku ndi tsiku: pita, ima, pang'ono, bwerera. Ndipo liwu likangotuluka, chinyama chachikulu ngati nyumba chimamvera pompo. Ndani sangafune kulankhulanso?

Ndili pakabaza pobwerera ndinayamba kuyerekeza ndi kalasi langa, ndipo sindinakondwe nazo. Ine ndikafunsa funso ndimawerenga mumtima kufika pa ziwiri, kenako, "Wina! Amuthandize ndani?" Manja makumi asanu m'mwamba, "Ine Madamu! Ine Madamu!" Mwana akati "pa... pa...", ine ndamumalizira kale, "Pakhomo, eti? Wakhoza, khala pansi." Ndimati ndikumuchitira chifundo. Ndipo zambiri timayankha mwa chikhamu, "Tonse pamodzi!", mwana ngati Tiwonge n'kumangoyendetsa milomo chaka chonse osatulutsa kanthu, ine osadziwa.

Kunyumba nako n'chimodzimodzi, musakane. "Lankhula msanga, ndili ndi zochita!" "Iwe, tamufunsa mng'ono wakoyu akufuna chiyani." Mlendo akabwera timayankhira mwana dzina lake lomwe, "Ndi wamanyazi ameneyu," mwini dzina ali pompo, pakamwa patatseguka theka. Timathamangira kuti? Ife amene timatha kudikira minibasi pa Jenda maola awiri kuti idzaze, osadandaula, tikulephera kudikira mwana kuti amalize liwu limodzi?

Ndisanachoke kwa a Shaba ndinapepesa, ndipo ndinapempha kuti andibwezere kalata yanga ndikaing'ambe. Anakana. Anati chinthu cholembedwa ndi Madamu sichifafanizidwa ndi pakamwa. Ngati lamulo lasintha, ndilembe kalata ina. Ndinathothola pepala m'kope langa lokonzera maphunziro, ndinalemba pabondo: a Shaba ali ndi ufulu wolankhula ndi mdzukulu wawo m'chilankhulo chilichonse, m'nyumba, kukhola, kudimba, paliponse. NyaTembo anawawerengera. Anafunsa za chidindo. Ndinalonjeza kuti Tiwonge akapita nayo kusukulu mawa, abwera nayo yodinda.

Sanadikire chidindocho. Anapinda kalata, anaiika m'kapepala ka shuga, anatembenukira kunkhokwe n'kukweza mawu: "Tiwonge! Zanga kuno, muzukuru wane!" Bwera kuno, mdzukulu wanga. Mwana anatuluka ngati waponyedwa ndi legeni, n'kukadzigwetsa pamiyendo pawo. Mkuluyo anayamba kulankhula, kulankhula, kulankhula, nkhani za miyezi isanu ndi iwiri, ine osatolapo ngakhale limodzi. Anaiwala zoti pali mlendo, ndipo ndinanyamuka mwakachetechete.

NyaTembo anandiperekeza mpaka pamsewu. Ndinamupempha chinthu chimodzi: Lachisanu abwere kusukulu, aime pawindo, asalowe. Anati aona. Za teremu yamawa sananene kanthu, inenso sindinafunse.

Lachisanu ndinalowa m'kalasi ndi chingwe cha mbuzi. Ndinauza ana kuti lero tikuyendetsa ngolo, ndipo pangolo pamalankhula munthu mmodzi. Amene alowerere mnzake akulamula, wagwetsa ngolo, atuluka m'masewera. Ana a kuno lamulo limeneli sanafune kulifotokozeredwa kawiri, ambiri analidziwa kale kuposa ine. Ndinati woyendetsa alamule m'chilankhulo chimene akufuna, ife tizilemba pabolodi mawu onse awiri, la Chitumbuka ndi la Chichewa, moyandikana. Anayendetsa ana atatu, phokoso lili gwaa. Kenako ndinapereka chingwe kwa Tiwonge.

Panafunika ng'ombe zina. Mtsikana wina wamtali anadzipereka kukhala Joni. Kukaya ndinakhala ine.

Inde, ine, mayi wa ana anayi, wapampando wa amayi kumpingo, ndinawerama pakati pa kalasi chingwe chili m'chiuno. Ahedi anadutsa pakhomo, anaima, anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso, n'kupitiriza ulendo. Nkhani imeneyo tidzaikamba ku ofesi Lolemba, ndikudziwa.

Tiwonge anagwira chingwe. Kalasi lonse linati zii. Milomo yake inayamba kugwedezeka, liwu osatuluka. Abale, kudikira n'kowawa! Lilime langa linkayabwa kuti ndimuthandize, ndinachita kuliluma. Mnyamata wina anatsegula pakamwa, mnzake n'kumutseka ndi chikhatho. Ndinawerenga mumtima mpaka khumi, mpaka khumi ndi zisanu, msana ukuwawa.

"Lu... lu... luta!"

Tinanyamuka, ine ndi Joni mnzanga, kulunjika kubolodi. Ana anafuna kukuwa koma anadzigwira, ena akudziluma zala. Tikuyenda choncho ndinamva kumbuyo kwanga liwu lina la Chitumbuka, lotuluka theka. Joni anaima nthawi yomweyo. Ine, ng'ombe ya ku Dowa, sindinalimve. Ndinapitirira ndithu, mutu uli pansi, kulunjika pa ndowa ya madzi imene timaika pakona.

Chingwe chinakoka m'chiuno mwanga. Kenako, mokweza, kalasi lonse likumva:

"Ma... Madamu! I... i... imani!"

Ndinaima, ndowa ili pamphuno.

Mwamva zimene anachita mwana ameneyu? Anaona kuti ng'ombe iyi Chitumbuka siimva, n'kuisinthira chilankhulo. Ndi ulemu womwe, "imani", osati "ima". Ameneyu ndiye ndinkati zilankhulo zamusokoneza mutu. Pakati pa iye ndi ine, wosokonezeka anali ndani?

Kalasi linaphulika. Lamulo la munthu mmodzi linathera pomwepo, ana kuvina, kumenya madesiki, "Kapitawo! Kapitawo!" Kaya dzinali analimva kwa ndani. Tiwonge anaima pakati, chingwe chili m'manja, akuseka mano onse panja, awiri akutsogolo kulibe.

Musandimve molakwa, mwanayu sanachire Lachisanu. Mawa adzakakamiranso pa "pa... pa...", ndipo chaka chamawa mwina adzakhala akukakamirabe. Mayi Gondwe akuti abwera ndi njinga yawo adzamuone bwinobwino, adzatipatse zochita ine ndi a kunyumba, m'zilankhulo zonse ziwiri. Ntchito ikadalipo yambiri, ndipo m'kalasi lodzaza chonchi sindingalonjeze kudikira mwana aliyense mpaka khumi ndi zisanu. Koma kamodzi patsiku ndingathe. Ndayambanso kuphunzira Chitumbuka, mochedwa ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo aphunzitsi anga ndi a sitandade 1, ankhanza zedi pochonga.

Nditadzuka pansi paja, ndikukutumula choko m'chitenje, ndinayang'ana kuwindo. NyaTembo analipo, chibakera chili pakamwa, misozi ili mbwembwembwe, koma akuseka. Ndinatuluka. Ndinangoti, "Mwaona?"

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Madamu, yewo chomene," anatero. "Mbwenu yunifolomu yija yafupika. Ya teremu yamawa ndisoketse yayikulupo, eti?"

Ndinati asoketse yaikulu ndithu, ya zaka ziwiri.

Kalata yachiwiri ija ndinadinda, ili m'kapepala ka shuga pamodzi ndi makadi a katemera. Yoyambayo a Shaba akuti aisunga, kuti Tiwonge akadzakula adzawerenge yekha mokweza, adzaone mmene anthu ophunzira amaganizira.

Tsono inu amene muli ndi mwana wotere pakhomo panu kapena m'kalasi mwanu, madzulo ano akakuyandikirani n'kuyamba "a... a... a...", muchita chiyani? Mumumalizira, mumuthamangitsa, kapena mutseka pakamwa mpaka afike yekha kumapeto? Joni ndi Kukaya amatha. Zoona ng'ombe za a Shaba zikuposeni?